Disiki yadzaza koma simukuona chimene chaidzazitsa: kumene malo amapita

Mukatsegula This PC n'kupeza kamzere ka disiki C kasanduka kofiira, Windows ikukuuzani kuti malo otsala sakukwananso gawo limodzi mwa magawo khumi a disiki yonse. Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira kufufuta zimene amazidziwa: zithunzi za ku ukwati, mavidiyo a mwana ali wakhanda, nyimbo zimene akhala akutolera kwa zaka. Kamzere kaja kamabwerera mwakale, mtima n'kukhala m'malo. Pakangopita masiku atatu, kafiiranso. Apa m'pamene ena amanyamula laputopu kupita nayo kwa okonza, n'kukauzidwa kuti ili ndi vayirasi, ingoformatidwa basi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi zambiri zithunzi zija zimafera zaeni. Malo a pa disiki sauluka ngati utsi. Akachepa ndiye kuti pali fayilo imene yakhalapo, ili ndi dzina, ili m'foda inayake, ndipo ikhoza kupezeka. Kungoti mafayilo ena akuluakulu Windows imawabisa dala, poopa kuti munthu angawafufute mosadziwa n'kuwononga kompyuta. Choncho musanafufute kanthu, yambani mwadziwa kuti vuto lanu ndi liti, chifukwa anthu akamati "malo akusowa" amakhala akunena zinthu zosiyana. Ena akufunafuna malo amene sanakhalepo n'komwe. Ena malo awo anatengedwa kamodzi n'kukhala choncho. Ena disiki yawo ikudontha tsiku ndi tsiku, ndipo amenewa ndi amene ali pa vuto lenileni.

Malo amene sanakhalepo n'komwe nkhani yake ndi yaifupi. Mwagula disiki yolembedwa 500 GB, mwaiika, Windows ikuti 465 GB. Palibe wakuberani. Opanga madisiki amati gigabayiti imodzi ndi mabayiti 1,000,000,000, pomwe Windows imawerenga gigabayiti imodzi ngati mabayiti 1,073,741,824, potsata kachitidwe ka kompyuta kowerengera m'magulu a 1,024. Zili ngati kuyeza mulu umodzi wa chimanga ndi ndowa ziwiri zosiyana kukula: ndowa yokulirapo ipereka chiwerengero chochepa, koma chimanga n'chomwecho. Motero 128 GB imaoneka ngati 119, 256 GB ngati 238, ndipo 1 TB ngati 931. Mu 1998 bungwe la IEC linakhazikitsa dzina lakuti gibibyte kuti ndowa yaikuluyo ikhale ndi dzina lakelake, koma Windows imangolembabe GB. Makompyuta a Mac anayamba kuwerenga mofanana ndi opanga madisiki kuyambira 2009. Kuwonjezera apo, Windows imadulako timagawo ting'onoting'ono ta disiki tosungirapo zoyatsira kompyuta ndi zoikonzera ikafa, ndipo timeneti sitioneka mu This PC. Zimenezi zisiyeni, palibe chobweza.

Tsopano yesani izi. Lowani mu C, sankhani mafoda onse amene mukuwaona, onani kukula kwake pa Properties, kenako muyerekeze ndi malo amene Windows ikuti agwiritsidwa ntchito. Manambala awiriwa sagwirizana, ndipo kusiyana kwake kumatha kukhala magigabayiti makumi angapo. Zifukwa zake ndi ziwiri. Pali mafayilo obisika, komanso pali mafoda amene inuyo, ngakhale muli mwini kompyuta, simuloledwa kuona m'kati mwake, ndiye powerengera amangodumphidwa mwakachetechete.

N'chifukwa chake kuyeza ndi File Explorer n'kutaya nthawi. Pali mapulogalamu aulere opangidwira ntchito imeneyi: WinDirStat, WizTree ndi TreeSize Free. Onse ndi ang'onoang'ono, sangakuthereni bando. Amasanthula disiki yonse n'kundandalika mafoda kuyambira wamkulu kupita pansi, ndipo ena amajambula timabokosi tamitundumitundu, fayilo yaikulu bokosi lake lalikulunso, moti wakudya malo amaonekera patali. WizTree imathamanga kwambiri chifukwa siyendera foda iliyonse, imawerenga kaundula wa mafayilo amene disiki ya NTFS, mtundu umene Windows imagwiritsa ntchito, imasunga. Chofunika kwambiri n'chakuti muitsegule posankha Run as administrator. Mukapanda kutero nayonso idumpha mafoda otsekedwa aja, ndipo mubwerera pomwe munayambira. Itengeni pa tsamba la eni ake, osati pa masamba odzaza ndi mabatani a Download amene amakupatsani pulogalamu ina yosiyana ndi imene mumafuna.

Mukayeza, pamwamba penipeni pa C mupeza mafayilo awiri amene mwina simunawaonepo.

Yoyamba ndi hiberfil.sys. Kompyuta ikagona tulo tofa nato totchedwa Hibernate, imatenga zonse zimene zili mu RAM, malo ake osungirako kwakanthawi zimene ikugwira, n'kuzilemba pa disiki, kuti ikadzuka ipitirize pomwe inalekezera ngakhale batire itatheratu. Fayilo imeneyi ndiye malo osungidwiratu a ntchitoyo. Pa Windows 10 ndi 11 imakhala pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a RAM, kotero kompyuta ya 16 GB ya RAM imapereka malo opitirira 6 GB. Mukhoza kuichotsa potsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba powercfg /hibernate off. Koma ganizani kaye. Kwathu kuno kumene magetsi amazima osatsanzika, ndipo malaputopu ambiri ndi ogula atagwirapo kale ntchito, batire yake yotopa, Hibernate ndi imene imapulumutsa ntchito imene simunaisunge batire ikafika kumapeto. Mukaizimitsa, nayo Fast Startup, imene imathandiza kompyuta kuyaka msanga, imasiya kugwira. Ine pa laputopu yotere ndingalole kutaya magigabayiti asanu ndi limodziwo.

Yachiwiri ndi pagefile.sys, kumene Windows imatutira zinthu RAM ikadzaza. Iyi musaikhudze. Mukaichotsa, mapulogalamu amayamba kudzitsekera okha RAM ikatha. Koma dziwani chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa anthu: mukawonjezera RAM, hiberfil.sys imakula, ndipo pagefile.sys nayo ikhoza kukula. Munthu amachokera kogulitsa zipangizo ali wokondwa kuti kompyuta ikuthamanga, n'kupeza disiki yachepa. Palibe chimene wokonza uja waikamo.

Foda ina yaikulu ndi Windows.old. Imabadwa mukakweza Windows kupita ku mtundu watsopano, monga kuchoka pa 10 kupita pa 11. Windows yakale yonse imasungidwa mmenemo kuti mukhoze kubwerera ngati yatsopanoyo yakuvutani, ndipo pakatha masiku 10 imachotsedwa yokha. Ngati simungadikire, ichotseni kudzera pa Settings, System, Storage, Temporary files. Koma apa ndikupempheni mumvetsetse bwino. Ngati wokonza anaika Windows yatsopano pamwamba pa yakale osaformata, mafayilo anu onse akale, a pa Desktop, a mu Documents, zithunzi, amakhala mu Windows.old, m'foda ya Users. Mwini kompyuta amafika kunyumba, n'kuona Desktop ili mbee, n'kuganiza kuti zonse zapita, chonsecho zili pomwepo kudikira kuti wina azikopere. Musanavomere kuti foda imeneyi ichoke, itseguleni muone.

Palinso malo okwana pafupifupi 7 GB amene Windows 10 inayamba kudzisungira mu 2019, pa mtundu wa 1903, kuti ma update asamalephere chifukwa cha kuchepa kwa malo. Amatchedwa Reserved storage ndipo amaoneka pa Settings pansi pa System & reserved.

Foda imene imanamiziridwa kwambiri ndi WinSxS, ya m'kati mwa C:\Windows. Pulogalamu yoyezera ikuonetsani kuti ndi yaikulu, ndipo mtima ukuuzani kuti muifufute. Musayerekeze, kompyuta ikhoza osadzayakanso. Mmenemo ndi mmene muli zidutswa zenizeni za Windows, ndipo kukula kumene mukuona n'kokokomeza. Mafayilo ambiri a mmenemo amaonekanso m'mafoda ena monga System32 kudzera mu njira yotchedwa hard link: nyumba imodzi ya makomo awiri, amene akuwerenga makomo n'kulemba kuti nyumba zilipo ziwiri. Kukula kwake kwenikweni mungakudziwe polemba pa Command Prompt ya administrator ija Dism /Online /Cleanup-Image /AnalyzeComponentStore, ndipo ngati pali zakale zoyenera kuchoka, lembani zomwezo koma m'malo mwa /AnalyzeComponentStore muike /StartComponentCleanup. Windows imadziwa zimene ingataye ndi zimene singataye. N'chimodzimodzinso ndi foda yobisika ya C:\Windows\Installer. Mukaikolopa, mudzazindikira patapita miyezi, tsiku limene Office idzakane kukonzedwa kapena kuchotsedwa.

Ndiye pali System Restore, imene imasokoneza anthu kuposa zonsezi. Windows imajambula mmene kompyuta ilili nthawi ndi nthawi, makamaka musanaike pulogalamu kapena update, kuti zinthu zikasokonekera mubwerere kumbuyo. Zojambulazo zimakhala m'foda ya System Volume Information, imene ngakhale administrator saloledwa kuitsegula wamba. Kagwiridwe kake n'kotere: sikopera disiki yonse, imangodikira. Kachigawo kena ka disiki kakati kalembedwe zatsopano, imayamba yasunga zakale zimene zinali pamenepo. Ndiye mukafufuta fayilo yaikulu, malo amaoneka kuti abwerera, koma pamene mukuikapo zinthu zina, zakale zija zikhoza kukoperedwa kupita m'nkhokwe ya System Restore. Mumaona ngati mwataya katundu panja koma wina akumulowetsanso kudzera khomo lakuseri. Pa Command Prompt ya administrator lembani vssadmin list shadowstorage kuti muone malo amene yatenga ndi malire amene inapatsidwa. Ngati malirewo ndi aakulu mopitirira, kapena palibe malire, pitani pa System Protection, dinani Configure, muchepetse Max Usage. Kuizimitsiratu sindikulimbikitsa. Tsiku limene driver wolakwika, kapulogalamu koyendetsa chipangizo cha m'kompyuta, adzazimitse sikirini, mudzaifuna.

Za Recycle Bin aliyense amazidziwa, koma ambiri amaiwala kuti aliyense amene ali ndi akaunti pa kompyutapo ali ndi bini yakeyake. Inu mukhoza kukhuthula yanu, ya mnzanu ili yodzaza. Pa malaputopu ochokera m'maofesi mumatsalanso ma akaunti a anthu amene anasiya kalekale kuigwiritsa ntchito, aliyense ndi Downloads yake ndi maimelo ake. Onani mu C:\Users. Achotseni kudzera pa User Profiles mu Advanced system settings, mutatsimikiza kuti mulibe cha munthu chofunika.

Zonse zimene tanenazi zimatenga malo n'kuima, kapena zili ndi malire. Disiki yodontha ndi ina. Mwachotsa 10 GB lero, mawa yapita. Apa kufufuta kuli ngati kukolopa pansi mpopi uli chitsegukire.

Munthu akamakayikira kuti paipi ikudontha pansi pa nthaka, amatseka mipopi yonse n'kukayang'ana mita ya madzi ngati ikuyendabe. Chitani chimodzimodzi. Lembani papepala malo otsala m'mawa, muyeze ndi pulogalamu ija n'kujambula zotsatira zake. Gwirani ntchito monga mwa masiku onse, osafufuta kanthu. Madzulo yezaninso. Foda imene yakula pakati pa miyezo iwiriyi ndi imeneyo. Ngati malo akutha mofulumira moti mukuchita kuona manambala akutsika, musadikire madzulo: lembani resmon pa Start, tsegulani Resource Monitor, pitani pa Disk, mundandalike potsata Write. Muona dzina la pulogalamu imene ikulemba ndi fayilo imene ikulembamo, pompopompo.

Chitsanzo chodziwika bwino cha kudontha kotere ndi cha Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020 koma ikadalipo m'maofesi ndi m'masukulu ena. Windows imalemba mbiri ya zimene ikuchita poika ma update m'foda ya C:\Windows\Logs\CBS. Fayilo ya mbiriyo ikakula, imayenera kupanikizidwa kuti ichepe. Koma kapulogalamu kopanikiza, makecab, sikatha kugwira fayilo yopitirira 2 GB. Kamayesa, kamalephera, n'kusiya chidutswa cha pafupifupi 100 MB mu C:\Windows\Temp, dzina lake loyamba ndi cab. Pakapita kanthawi kamayesanso, n'kusiyanso china, mpaka disiki kudzaza thothotho. Munthu akapeza zidutswazo amazifufuta, n'kusangalala, koma zimabweranso, chifukwa gwero lili m'foda ina. Mankhwala ake ndi kuimitsa kaye Windows Modules Installer pa Services, kuchotsa fayilo yaikulu ya mbiri ija mu CBS, kenako n'kuyeretsa Temp. Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa imaonetsa mmene mavuto ambiri otere amakhalira: pamene pali mulu wa zinyalala si pamene pali wotaya zinyalalayo. Pulogalamu ina iliyonse imene yakumana ndi vuto ikhoza kumalemba uthenga womwewo wa kulephera kambirimbiri pa mphindi imodzi, fayilo yake ya mbiri, yotchedwa log, n'kumafufuma. Mukapeza fayilo ya log ya magigabayiti, funsani kuti ndi ya pulogalamu iti, ndipo ikudandaula chiyani. Itseguleni chakumapeto kwake ngati ingatseguke, nthawi zambiri imanena yokha.

Pa makompyuta a masiku ano, odontha ambiri amakhala mu AppData, foda yobisika ya m'kati mwa akaunti yanu. Outlook imasunga kope la maimelo anu m'fayilo yothera ndi .ost, ndipo imakula limodzi ndi bokosi lanu la maimelo. Mungaichepetse pouza Outlook kuti izisunga maimelo a miyezi yochepa yokha pa kompyuta. Amene amalumikiza iPhone ku iTunes amapeza foni yonse itasungidwa m'foda ya MobileSync, nthawi zina ndi mafoni akale amene anagulitsa kale. Ojambula maukwati ndi zinkhoswe amene amadula mavidiyo ndi Adobe Premiere, yang'anani Media Cache: ntchito iliyonse imasiya mafayilo ake othandizira, ndipo amatsala ngakhale mwini ukwati anatenga kale vidiyo yake. Amenewa mukhoza kuwachotsa kudzera m'pulogalamu momwemo, amapangidwanso akafunika. Kunja kwa AppData kuli kaundula wa Windows Search, Windows.edb kapena Windows.db pa Windows 11, amene nthawi zina amatupa mopanda chifukwa, ndipo amakonzedwa podina Rebuild pa Indexing Options. Kompyuta imene imakonda kugwa ndi sikirini yabuluu imasiyanso MEMORY.DMP mu C:\Windows. Ophunzira za makompyuta amene amagwiritsa ntchito VirtualBox, Docker kapena WSL akumbukire kuti disiki yongoyerekeza imakula mukamaikamo zinthu, koma mukazifufuta m'katimo kawirikawiri sibwerera yokha, imafuna kuipanikiza.

Pa OneDrive ndi pamene ndaonapo anthu akulira. Foda ya OneDrive ikamadya malo, musafufute mafayilo mmenemo. Chimene mwafufuta pa kompyuta chimafufutikanso pa intaneti, chifukwa ntchito yake ndi kufananitsa mbali ziwirizo. Sankhani mafayilowo, dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Free up space. Amachoka pa disiki koma amakhalabe pa intaneti, mayina ake n'kumaonekabe ndi kachizindikiro ka mtambo. Kungoti tsiku limene mudzawafune mudzafunika bando.

Amene ali pa Linux vuto lawo lili ndi nkhope ina. Lamulo la df, loonetsa malo otsala, likuti disiki yadzaza, la du, loyeza kukula kwa mafayilo, likuti mafayilo ndi ochepa. Kawirikawiri zimatanthauza kuti wina anafufuta fayilo yaikulu ya log pulogalamu ikadaigwiritsa ntchito. Dzina limachoka, koma malo samasuka mpaka pulogalamuyo itaisiya. Lembani lsof +L1 kuti muione, kenako yambitsaninso pulogalamuyo. Disiki ya ext4, mtundu wofala pa Linux, imasungiranso root, amene ndi administrator wa Linux, magawo 5 pa 100 alionse, ndipo ikhoza kukana kulandira fayilo malo alipo ngati ma inode, timalo ta m'kaundula tolembamo fayilo iliyonse, atha, zimene mumaziona ndi df -i. Pa Mac, Time Machine, pulogalamu yosunga makope a mafayilo, imasunga zojambula za mmene disiki ilili pa kompyuta pomwepo kwa maola pafupifupi 24, choncho mukafufuta chinthu chachikulu malo akhoza kuchedwa kubwerera.

Nanga vayirasi imene okonza amakonda kutchula? Ilipo, koma kumene ndimaiona kwambiri ndi pa flashi. Mwapita nayo kosindikizitsa mapepala, mwabwerera, mafoda onse asanduka ma shortcut kapena flashi ikuoneka yopanda kanthu, koma Properties ikuti malo ndi odzaza. Kudzazako ndi nkhani yabwino, kukutanthauza kuti mafayilo anu alimo, angobisidwa. Musadine ma shortcut amenewo, chifukwa ndi amene amayambitsa vayirasi pa kompyuta yanu, ndipo musaformate. Yambani mwasanthula flashiyo ndi antivirus, kenako pa Command Prompt lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* mutasintha E kukhala chilembo cha flashi yanu. Mafayilo amatulukira, nthawi zina ali m'foda yopanda dzina.

Pamakhalanso nthawi imene mwayeza zonse, palibe chikudontha, palibe chobisika chachilendo, disiki ndi yaing'ono basi. Timalaputopu totchipa ta 32 GB kapena 64 GB timakhala tadzaza kale Windows ikangolowamo ndi ma update ake. Windows 11 payokha imafuna disiki yosachepera 64 GB. Pa kompyuta yotere palibe pulogalamu yoyeretsa imene ingakuthandizeni, ndipo zambiri zimene zimalonjeza kutero zimangochita zomwe Disk Cleanup ndi Storage Sense za mu Windows momwemo zimachita kwaulere. Chotsala ndi kusamutsira mafayilo anu pa memory card kapena disiki yakunja, n'kuuza Windows pa Storage kuti zatsopano izisunga kumeneko.

Pogula flashi kapena memory card yosamutsirapoyo, chenjerani ndi vuto lotembenuka la nkhani yonseyi: malo amene akuoneka koma kulibe. Pali maflashi achinyengo amene anakonzedwa kuti azinamiza kompyuta. Pachikuto alemba 128 GB, Windows nayo ikuvomereza, koma m'kati muli kachipangizo kosunga zochepa kwambiri. Mukamakopera sizikana. Malo enieni akadzaza, zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale kapena zimangotayika, mayina a mafayilo n'kumaonekabe bwinobwino, ndipo mumadzazindikira tsiku lotsegula. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza flashi yonse ndi zoyesera n'kuziwerenganso, kenako imakuuzani magigabayiti amene alipodi. Pa flashi yaikulu imatha kutenga maola angapo. Iyeseni tsiku lomwe mwagula, ikadali yopanda kanthu ndipo lisiti likadali m'thumba, musanasamutsirepo zithunzi za ukwati zija.